Sowo Yopepuka Yosadzira Mitengo ku Phokeng

Phokeng ndi likulu la Abafokeng, anthu olankhula Chitswana, ndipo lili pamtunda wa makilomita osakwana 20 kuchokera ku Rustenburg m'chigawo cha North West ku South Africa. Msewu wa R565 wopita ku Sun City umadutsa pomwepo. Amalawi ambiri adayamba kulimva dzinali mu 2010, pomwe England ndi United States adakumana pa bwalo la Royal Bafokeng pa 12 June pa mpikisano wa World Cup. Koma chuma cha derali chili pansi pa nthaka. M'zaka za m'ma 1800, Kgosi August Mokgatle adatumiza anyamata ake ku migodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo malipiro awo adaguliranso malo a makolo awo, omwe adali atagwera m'manja mwa azungu. Popeza munthu wakuda sankaloledwa kulembetsa malo, mapepala adalembedwa m'dzina la amishoni monga Christoph Penzhorn. Mwala wa pulatinamu wotchedwa Merensky Reef utadziwika mu 1924, zidapezeka kuti mbali ina ya mwalawo idadutsa pansi pa malo omwewo. Lero midzi 29 ya Abafokeng yazunguliridwa ndi migodi, ndipo waukulu ndi wa Impala Platinum.

Agogo athu opita ku Joni ankapita kukalowa pansi, kudzera ku Wenela kenako ku Theba. Njira imeneyo idatsekeka mu 1988. Mmalawi wofika ku Rustenburg masiku ano kawirikawiri amathera pamwamba: pa zomangamanga, m'mashopu, m'nyumba za anthu, makamaka m'magadini. Ndalama za migodi zidamanga nyumba za mipanda ku Phokeng, ku Tlhabane, ku Geelhoutpark, ku Cashan ndi ku Safarituine, ndipo eni nyumbazo adadzala mitengo. Mitengo siimva kuti pulatinamu watsika mtengo, imangokula. Mabulosi amakuta denga, mapeyala amatsamira mpanda wamagetsi, mandimu amalukanalukana, ndipo mphepo ya mu August ikawomba kapena mvula yamatalala ya m'dzinja ikagwa, nthambi zimathyokera pagalimoto. Wamaganyu amene ali ndi chikwanje chokha amapatsidwa ntchito yosesa masamba. Amene ali ndi sowo amatchula yekha mtengo wa ntchito. N'chifukwa chake anyamata ambiri akasunga kandalama, chinthu choyamba kuganiza ndi sowo ya tcheni. Ambiri amagula yolakwika, ndipo amalakwitsa mbali imodzi: amagula yaikulu.

Yambani mwayeza nthambi

Musanalowe m'sitolo, yendani m'magadini momwe mumagwira ntchito n'kuona nthambi zomwe abwana amafuna zichoke. Zambiri ndi zonenepa ngati chala, dzanja kapena mwendo wa munthu, ndiye kuti masentimita 3 mpaka 15. Zonenepa kuposa pamenepo ndi za apo ndi apo, ndipo kugwetsa mtengo wathunthu pakati pa nyumba ndi ntchito ya makampani okhala ndi zingwe, inshuwalansi ndi anthu ophunzira, osati ya munthu mmodzi wobwera pa takisi.

Chitsulo chosongoka chomwe tcheni chimazungulirapo, chomwe m'masitolo amachitcha bar, ndicho chimanena kukula kwa sowo. Lamulo losavuta n'lakuti bar ikhale yotalika pang'ono kuposa kunenepa kwa nthambi yomwe mumadula kawirikawiri, mwina ndi masentimita 5. Choncho bar ya masentimita 25 kapena 30 imamaliza pafupifupi ntchito yonse ya m'gadini. Ya masentimita 45 kapena 50, yomwe imasangalatsa maso pa shelefu, idapangidwira anthu ocheka zipika pansi. Mukainyamula kulowa nayo m'mtengo wa mandimu, nsonga yake imakhudza nthambi zomwe simukuziona, ndipo nsongayo, monga tionere, ndiyo imapweteka anthu.

Masowo oyamba a Andreas Stihl ku Germany, yamagetsi ya mu 1926 ndi yapetulo ya mu 1929, ankalemera makilogalamu oposa 40 ndipo ankagwiridwa ndi anthu awiri. Zaka pafupifupi 100 zapitazi, opanga masowo akhala akulimbana ndi kuchepetsa kulemera kumeneku. Si nzeru kuti inu mubwerere m'mbuyo mwadala.

Petulo, chingwe kapena batire

Sowo yapetulo yaing'ono, monga Stihl MS 170, ili ndi injini ya ma cc 30 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 4 musanaike bar, tcheni, petulo ndi oyilo. Husqvarna 120 ndi yokulirapo pang'ono. Onani bwino mawu akuti musanaike. Nambala yolembedwa pabokosi nthawi zambiri ndi ya sowo yopanda kanthu, ndipo mukaidzaza yonse imawonjezera pafupifupi kilogalamu ina. Ubwino wa sowo zimenezi ndi wodziwika: mphamvu zilipo, ndipo bola kagaloni ka petulo kali pambali, mungagwire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, magetsi akhalepo kapena ayi. Zipangizo zake zimapezeka mosavuta ku Rustenburg chifukwa alimi a m'mafamu ozungulira mapiri a Magaliesberg amagwiritsa ntchito mitundu yomweyi.

Koma injini yake ndi ya mtundu wofuna petulo wosakaniza ndi oyilo. Opanga ambiri amati 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa 2-stroke pa malita 5 a petulo. Mukaiwala oyiloyo kamodzi kokha, injini imauma n'kugwirana, ndipo kuikonza kumadula pafupifupi ngati kugula ina. Petulo wosakaniza akakhala kupitirira mwezi amayamba kuwonongeka n'kutseka kabuleta. Wamaganyu amene amadula mitengo kawiri pa mwezi ndiye amavutika kwambiri ndi zimenezi: afika kwa bwana, akoka chingwe kakhumi, thukuta kamukamu, sowo osalira, mayi wa pakhomopo ataima pakhonde kuyang'ana wotchi. Palinso nkhani ya ulendo. Amene alibe galimoto ya bakkie amayenda pa takisi, ndipo sowo yonunkha petulo, yodontha oyilo pa nsapato za anthu, woyendetsa sailandira ndi manja awiri.

Sowo yamagetsi ya chingwe ndiyo yotsika mtengo pa zonse, ndipo siivuta kusamala. Vuto lake ndi chingwecho. Chimakola m'nthambi zomwe mwagwetsa, chimakhala pafupi ndi tcheni nthawi zonse, ndipo mayadi a ku Phokeng ndi aakulu moti mtengo wa kumpanda ungakhale mamita 40 kuchokera pa soketi. Amene adagwira ntchito mu 2023, chaka chomwe Eskom idathimitsa magetsi kuposa chaka china chilichonse, akudziwa tanthauzo la kufika pa ntchito n'kupeza kuti magetsi abwera masana. Kwa mwini nyumba wofuna kudula nkhuni za braai pakhomo pake, sowo imeneyi ndi yabwino. Kwa munthu woyendayenda, ayi.

Ine ndimati wamaganyu wa m'gadini agule ya batire, ya bar ya masentimita 25 kapena 30. Imalira mukangokanikiza, imaima mukangosiya, siifuna kusakaniza mafuta, ilibe utsi, phokoso lake ndi lochepa moti mungayambe ntchito m'mawa pamene aneba ogwira shifiti ya usiku ku mgodi akugona, ndipo mukachotsa batire imalowa m'chikwama chachikulu popanda wodandaula. Kusadza ndi ntchito yodula pang'ono, kuima, kukoka nthambi, kuyang'ana, kudulanso. Sowo yapetulo nthawi yonseyi imakhala ikulira pachabe kapena mumaizimitsa n'kumakokanso chingwe. Ya batire imadya pokhapokha ikudula.

Apa mpofunika kudekha, chifukwa pa batire ndi pomwe ogulitsa amapusitsira anthu. Nambala ziwiri zimalembedwa: ma volt ndi ma Ah. Chulukitsani ziwirizi ndipo mupeza mphamvu yomwe batirelo limasunga. La 18V ndi 5Ah limasunga ma Wh 90, pamene la 18V ndi 2Ah limasunga 36 okha, ngakhale onse awiri alembedwa 18V ndi zilembo zazikulu. Batire lolembedwa 20V Max, ngakhalenso 21V pa masowo otchipa, m'kati mwake ndi lofanana ndi la 18V: muli timabatire tisanu tolumikizana, ndipo nambala yokwerayo ndi ya pamene langochoka kumene pa tchaja. Musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha 21. Masowo amphamvu amagwiritsa ntchito 36V, ena poika mabatire awiri a 18V pamodzi monga amachitira Makita, ndipo amenewa ndi omwe amayandikira mphamvu za sowo yapetulo yaing'ono, koma kulemera kumakweranso.

Chinanso n'chakuti mtengo wokongola womwe mwauona pa shelefu ku Builders kapena kwina kulikonse ungakhale wa sowo yokha, yopanda batire ndi tchaja. Funsani. Ndipo batire limodzi silikwana: pamafunika awiri, lina likugwira lina lili pa tchaja m'galaja ya abwana. Popeza mabatire a kampani imodzi kawirikawiri salowa mu zida za kampani ina, tsiku lomwe mwagula sowo mwasankhanso komwe mudzagule chodulira udzu wa m'mbali, chopemerera masamba ndi chosadzira mpanda. Sankhani kampani yomwe mabatire ake adzapezekabe zaka zitatu zikubwerazi. Kutentha kwa ku Rustenburg nakonso ndi mdani. Batire losiyidwa padzuwa la mu December, kapena m'galimoto yotseka mawindo, limakalamba msanga, ndipo lotentha chifukwa cha ntchito liyambe lazizira musanaliike pa tchaja.

Timasowo ta m'dzanja ndi zina

Zaka zaposachedwapa kwabwera timasowo ting'onoting'ono ta bar ya masentimita 10 mpaka 15. Kodziwika ndi Stihl GTA 26, ka bar ya masentimita 10, kolemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Pa mandimu, mapichesi ndi mpanda wa maluwa wokhwima, kamagwira ntchito yosiririka, ndipo mayi kapena bambo wachikulire angakagwiritse ntchito osatopa. Koma si sowo yodyera. Nthambi ikapitirira kunenepa kwa dzanja, kamayamba kulira mokakamizika ndipo batire lake laling'ono limatha msanga. Msika wadzaza ndi tina tofanana nato topanda dzina lodziwika, togulitsidwa pa intaneti ndi m'mashopu a katundu wosakaniza. Ambiri alibe thanki ya oyilo, ena alibe chotchinga pamwamba pa tcheni, ndipo tcheni chikatha mungayende tauni yonse osapeza cholowa. Choopsa kwambiri n'chakuti kupepuka kwawo kumanyengerera munthu kudula ndi dzanja limodzi, linalo litagwira nthambi pafupi ndi mano. Dzanja lamanzere limapwetekera pamenepo.

Pali sowo ina yopanda tcheni, yomwe mpeni wake umapita kutsogolo ndi m'mbuyo. Omanga nyumba amaidziwa, ndipo kampani ya Milwaukee idayamba kuigulitsa mu 1951 pa dzina la Sawzall. Mukaikamo mpeni wa mano akuluakulu wodulira mitengo yaiwisi, imadula nthambi za masentimita 10 mosavuta. Ndi yochedwa, imagwedeza manja, ndipo pa nthambi zopyapyala imangozinjenjemeretsa m'malo modula. Koma ilibe ukali wa tcheni, ndipo imachita chinthu chomwe sowo ya tcheni singayerekeze: kudula mizu m'dothi. Mpeni ukabuntha mumataya n'kuika wina. Kwa munthu amene amagwira maganyu a zomangamanga ndi a m'gadini pamodzi, iyi ingakhale yoyamba kugula.

Nthambi za m'mwamba zili ndi chida chakechake, kasowo ka tcheni koikidwa kunsonga ya mtengo wautali womwe umafutukuka mamita angapo. Pa sikelo sikalemera kwambiri, koma kulemera konseko kumakhala kutali ndi thupi, choncho mapewa amamva msanga. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: mapazi anu amakhala pansi. Imani chapambali, osati pansi penipeni pa nthambi.

Ndipo musanyoze sowo yamanja yopinda, ya mano akuthwa odula pokoka. Imalowa m'thumba la ovolosi, siifuna batire, ndipo pa mitengo ya zipatso imasiya bala losalala kuposa tcheni chilichonse. Amene ali nayo pamodzi ndi sowo ya batire amatha tsiku lonse ndi mabatire awiri, chifukwa nthambi zing'onozing'ono sazitayira mphamvu.

Mmene mungaiyesere m'sitolo

Kupepuka kwa sowo sikuoneka pa mphindi yoyamba, kumaoneka pa ola lachitatu. Pemphani wogulitsa aike batire, osati kukupatsani yopanda kanthu. Igwireni ndi manja awiri, lamanzere pa chogwirira cha kutsogolo chala chachikulu chitazungulira pansi, lamanja kumbuyo. Itambasuleni pa msinkhu wa chifuwa n'kuwerenga mpaka 60. Ngati nsonga ikugwera pansi kapena kumbuyo kukukoka, mkono wanu udzalimbana ndi zimenezo tsiku lonse. Sowo ya makilogalamu 4 yokhazikika bwino imatopetsa pang'ono kuposa ya makilogalamu 3 yolemera mbali imodzi.

Kenako yang'anani zinthu izi. Kutsogolo kwa dzanja lamanzere kukhale chotchinga chomwe mukachikankha chimaimitsa tcheni nthawi yomweyo: ameneyo ndiye buleki, ndipo sowo yopanda buleki musaigule ngakhale akupatseni theka la mtengo. Pakhale thanki ya oyilo yothira yokha pa tcheni, yooneka m'kati. Funsani kuti tcheni chake ndi cha nambala yanji ndipo chilipo pa shelefu lero. Mukaona sowo yaing'ono yokongola yomwe zogwirira zake zonse zili pamwamba, dziwani kuti idapangidwira akatswiri okwera mitengo ndi zingwe. Manja amakhala moyandikana kwambiri moti ikadumpha n'kovuta kuigwira. Inu tengani ya chogwirira cha kumbuyo.

Za kaunjika zilipo, ku Cash Crusaders, ku Cash Converters ndi kwa anthu wamba. Yapetulo ilizeni ili yozizira, osati yomwe mwiniwake waitenthetsa kale inu musanafike. Ya batire, dziwani kuti batire lakale ndi ndalama yomwe mudzalipirenso posachedwa. Ndipo tengani lisiti nthawi zonse. Masowo amabedwa kwambiri, ndipo mlendo wogwidwa ndi sowo yopanda pepala alibe pothawira.

Tcheni chobuntha chimalemetsa sowo iliyonse

Mano a tcheni omwe tikugwiritsa ntchito lero adachokera kwa Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon ku America, yemwe adaonerera mmene mphutsi ya kachilombo kofukula mitengo imatafunira thabwa, ndipo adayamba kupanga tcheni chake mu 1947. Dzino lililonse limasenga kachidutswa ka mtengo. Tcheni chakuthwa chimalowa chokha ndipo chimalavula tizidutswa tooneka. Chikayamba kutulutsa utuchi wosalala ngati ufa, chabuntha, ndipo pamenepo munthu amayamba kukanikiza, batire limatha msanga, bar imatentha, mikono imatopa. Ambiri amene amati sowo yawo ilibe mphamvu, vuto limakhala ili.

Ku Phokeng tcheni chimabuntha msanga. Mitengo ya minga ya m'derali, makamaka ikauma, ndi yolimba, ndipo fumbi la m'chilimwe limalowa m'makungwa. Kukhudza dothi kamphindi kamodzi kumatha mano onse. M'mitengo ya m'mipanda mumabisala mawaya ndi misomali yakale yomwe khungwa lidameza. Phunzirani kunola ndi tupa. Matcheni ambiri a masowo ang'onoang'ono amafuna tupa wa mamilimita 4, ena 3.2, ndipo dzino limanoledwa mopendeka madigiri 30, kuchokera m'kati kupita kunja, kangapo kofanana pa dzino lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphindi khumi za tupa zimapulumutsa ola lathunthu. Khalani ndi tcheni chachiwiri m'chikwama. Oyilo wa tcheni akhale wopangidwira ntchito yomweyo, osati wakuda wochotsedwa mu injini ya galimoto, yemwe amawononga pampu ndi kuthimbiriritsa zomera za abwana.

Kadulidwe ka nthambi nakonso kali ndi njira. Nthambi yolemera mukaidula kamodzi kuchokera pamwamba, imathyoka isanathe n'kusenda khungwa la thunthu kutsika pansi. Yambani mwacheka pang'ono kunsi kwake, chapatali ndi thunthu. Kenako dulani kuchokera pamwamba, kunja pang'ono kwa pomwe mwachekapo, nthambi igwe. Chitsa chotsalacho chichotseni pomaliza, koma musadule kafundo kotupa komwe kali pomwe nthambi imalumikizana ndi thunthu, chifukwa kuchokera pamenepo ndi pomwe mtengo umatsekera bala. Katswiri wa mitengo wa ku America, Alex Shigo, adaonetsa kuti kudula mofanana ndi thunthu kumalowetsa kuola, ndipo kupaka penti pabala sikuthandiza. Mitengo yothothoka masamba monga mapichesi ndi mabulosi imasadzidwa m'nyengo yozizira, June ndi July, isanaphukire. Bwana amene waona mtengo wake ukuphuka bwino chaka chotsatira ndi amene amakupatsani nambala za anzake.

Pomwe anthu amapwetekera

Tcheni cha sowo yapetulo chimathamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi. Mbali ya kumtunda ya nsonga ya bar ikakhudza chinthu, tcheni chimaluma m'malo modula, ndipo sowo yonse imadumpha kubwerera kunkhope mofulumira kuposa mmene munthu angaphethirire. Ndiye chifukwa chake bar yaifupi ndi yabwino m'nthambi zothinana, ndipo ndiye chifukwa chake sowo ya tcheni siikwezedwa kupitirira phewa. Pa makwerero siikwera n'komwe. Nthambi ikamasuka imatha kumenya makwererowo, ndipo munthu amagwa ndi tcheni chikuzungulira.

Pa ndalama ya sowo patulanipo ya zodzitetezera: magalasi a maso, chipewa cholimba, magolovesi, nsapato za chitsulo kutsogolo, ndi buluku lapadera lomwe m'kati mwake muli ulusi wokola tcheni chikangolidula. Malamulo a ntchito a ku South Africa amati phokoso la ma decibel 85 kupita m'mwamba limawononga makutu, ndipo sowo yapetulo imapitirira 100. Amene adakhala ndi agogo obwera ku migodi akudziwa kuti kugontha kumabwera pang'onopang'ono ndipo sikubwerera.

Nthambi yomwe yayandikira mawaya a magetsi isiyeni. Mtengo wauwisi umayendetsa magetsi, kasowo ka pamtengo wautali nakonso. Mwini nyumba aitane a Eskom kapena a khonsolo, ndipo inu mukane ngakhale awonjeze ndalama. Mu November 2020, pa mlandu wa Mahlangu, Khoti la Malamulo Aakulu la ku South Africa lidagamula kuti antchito a pakhomo nawonso ayenera kulandira chipukuta misozi akavulala pa ntchito, ndipo wolembedwa ntchito ya m'gadini pakhomo pa munthu amawerengedwa m'gulu limeneli. Koma amene amayenda ndi sowo yake khomo ndi khomo ngati bizinesi yake asadalire zimenezi. Akavulala, masabata omwe agone ndi ake, ndipo kumudzi ndalama za pa Mukuru zimasiya kufika.

Si mtengo uliwonse wodula

Pali chinthu chomwe sitolo singakuuzeni. Lamulo la nkhalango la ku South Africa, National Forests Act la mu 1998, limateteza mitundu ina ya mitengo, ndipo kuidula, kuiwononga kapena kuisadza popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ngakhale ili m'yadi ya munthu. Umodzi mwa iyo ndi mfula, womwe Atswana amautcha morula ndipo umamera m'dera la Rustenburg. Ina ndi msimbiti, mlambe, ndi mtengo wa minga wotchedwa camel thorn. Mmalawi wa ku Chikwawa kapena ku Salima amauzindikira mfula ali patali, choncho sanganene kuti sadadziwe. Bwana akanena kuti mfula ukudetsa pabwalo ndi zipatso zake za mu February, yankho ndi lakuti apeze kaye pepala. Kumbukiraninso kuti malo a ku Phokeng ndi a mtundu wonse wa Abafokeng, pansi pa Kgosi Leruo Molotlegi ndi mafumu ang'onoang'ono otchedwa dikgosana. Mtengo wa kunja kwa mpanda uli ndi eni ake ngakhale ukuoneka ngati wa patchire, ndipo mlendo wochita lendi kuseri kwa nyumba sayenera kukhala woyamba kuugwira.

Mbali inayo, ilipo mitengo yochokera kunja yomwe boma likufuna ichepe chifukwa imamwa madzi ambiri ndi kupitikitsa zomera za m'dziko. Indiya, yemwe kuno amamutcha syringa, ali pa mndandanda umenewo, pamodzi ndi mitundu ina ya bulugama ndi black wattle. Ntchito ya boma ya Working for Water yakhala ikuichotsa kuyambira mu 1995. Indiya ndi wofewa, amathyoka msanga ndi mphepo, ndipo amaphukiranso pachitsa, choncho ndi mtengo womwe umapatsa wa sowo yaing'ono ntchito chaka ndi chaka. Samalani ndi kachilombo koboola mitengo kotchedwa shot hole borer, komwe kadapezeka koyamba ku Pietermaritzburg mu 2017 ndipo kawononga mitengo yambiri ku Johannesburg. Kamayenda ndi nkhuni. Mukaona timabowo tating'onoting'ono tambiri pa thunthu, tonyowa kapena tautuchi, musanyamule nthambizo kupita nazo kwina, ndipo tsukani tcheni musanakhudze mtengo wina.

Popita nayo kumudzi

Amalawi ambiri pogula chida amaganiza kale za tsiku lobwerera, ndipo zimenezi zikhoza kusintha chisankho. Magetsi a ku Malawi ndi a 230V ngati a ku South Africa, choncho tchaja idzagwira, kungosintha pulagi ya mano ozungulira kuika ya mano afulati. Koma kumudzi kopanda magetsi a ESCOM, sowo ya batire imafuna sola yokhala ndi inveta, ndipo batire likafa, lina lingafunike kuchokera ku Joni komweko. Yapetulo imapeza okonza mosavuta, ngakhale zaka zaposachedwapa zatiphunzitsa kuti petulo nayenso amasowa. Ngati kwanu ndi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu ndipo mukufuna kupitiriza ntchito ya m'magadini, ya batire ikhalabe yabwino. Ngati ndi kumudzi kutali ndi mawaya, MS 170 kapena inzake ya msinkhu womwewo ndiyo yoyenera, ndipo musanayambe kudula mitengo yachilengedwe kapena kuchekera anthu matabwa, kaonaneni ndi a zankhalango a m'boma lanu, popeza lamulo la nkhalango la mu 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020.

Pa basi yodutsa ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, khuthulani petulo ndi oyilo yense, masulani bar ndi tcheni n'kuzikulunga pazokha, ndipo mabatire muwatchinge pomwe pali zitsulo kuti asakhudzane ndi makiyi kapena ndalama. Pa ndege, mabatire apadera saloledwa m'katundu wopita pansi: amayenda m'chikwama cha m'manja, ndipo opitirira ma Wh 100 amafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo. Lisiti likhale m'thumba la malaya, osati pansi pa katundu, chifukwa a msonkho a MRA pachipata adzalifuna.